Umami ndi msuzi wa soya: kukoma kwachisanu ndi botolo la mayina ambiri

Aliyense amene amaonera mavidiyo ophika pa YouTube, TikTok kapena Facebook wamvapo mawu akuti umami. Wophika amalawa msuzi, n'kunena kuti ukusowa umami, kenako amadonthezamo madzi akuda a m'kabotolo. Wina amati madziwo ndi soy sauce, wina shoyu, wina tamari, wina kecap, wina toyo. Kwinaku pa WhatsApp pamayenda mauthenga ochenjeza za MSG, ufa woyera umene umapezeka m'timapaketi tokometsera ndiwo. Ambiri amaziona ngati nkhani zitatu zosiyana, pomwe zonse zikuzungulira kanthu kamodzi kamene lilime la munthu limatha kuzindikira.

Kodi umami n'chiyani?

Kwa zaka zambiri mabuku a sayansi ankaphunzitsa kuti lilime limamva zinthu zinayi: kutsekemera, kuwawasa, mchere, ndi kuwawa kwa mtundu wa kwinini. Kuwawa kwa tsabola sikuwerengedwa m'gululi, chifukwa kumadzera m'mitsempha yomva kutentha ndi ululu. Kununkhira nako ndi ntchito ya mphuno. Umami ndi kukoma kwachisanu pamndandandawu.

Kukufotokoza n'kovuta koma kukuzindikira n'kosavuta. Ganizirani msuzi wa nkhuku ya lokolo imene yawira pamoto wochepa kwa nthawi yaitali. Mukaumwa, pali kukoma kumene kumayala lilime lonse, kumatulutsa malovu, ndipo kumakhalabe m'kamwa mutameza kale. Si mchere, pakuti mutathira mchere womwewo m'madzi otentha simungakupeze. Si kunona kwa mafuta, pakuti mutayengula mafuta onse pamwamba kumatsalabe. Kukoma kumeneko ndiye umami.

Amene anapatsa kukomaku dzina ndi Kikunae Ikeda, katswiri wa sayansi ya makemikolo pa Tokyo Imperial University. Ku Japan anthu amaphika msuzi wotchedwa dashi pogwiritsa ntchito kombu, chomera cha m'nyanja yamchere chimene amachiumitsa. Ikeda anaona kuti kukoma kwa msuziwu sikulowa m'magulu anayi aja, ndipo mu 1908 anakwanitsa kupatula chinthu chimene chimakuyambitsa. Chinthucho ndi glutamate. Asayansi ankachidziwa kale, popeza Karl Heinrich Ritthausen wa ku Germany anali atachipeza mu tirigu mu 1866, koma Ikeda ndiye anachilumikiza ndi kukoma kwa chakudya. Dzina lakuti umami analitenga ku mawu a Chijapani akuti umai, onena chinthu chokoma.

Mmene lilime limamvera

Zakudya zomanga thupi, mapuloteni, zimapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tolumikizana m'mizere yaitali. Tizidutswati timatchedwa ma amino acid, ndipo glutamate ndi kamodzi mwa ito. Mfundo yaikulu ndi iyi: glutamate akakhala womangika mumzere, lilime silimumva. Amayamba kukoma akamasuka. Zimene zimamumasula ndi kupsa kwa chipatso, kuwiritsa nthawi yaitali, kusunga chakudya kuti chikhwime, ndi kuchisasitsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Kuumitsa kumachotsa madzi, choncho kukoma kumaunjikana pamalo ochepa. N'chifukwa chake tomato wofiira bwino amaposa wosapsa, bowa wouma amatulutsa msuzi wamphamvu kuposa wauwisi, ndipo tchizi chosungidwa nthawi yaitali monga Parmesan chimakoma kuposa mkaka umene chinachokera.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimagwira ntchito limodzi ndi glutamate. Mu 1913 Shintaro Kodama, wophunzira wa Ikeda, anapeza inosinate mu katsuobushi, nsomba yowamba ndi kuumitsa mpaka kulimba ngati mtengo. Inosinate amapezeka kwambiri m'nyama ndi nsomba. M'zaka za m'ma 1950 Akira Kuninaka, amene ankagwira ntchito ku kampani yofulula msuzi wa soya ya Yamasa, anasonyeza kuti guanylate nayenso ali ndi kukoma kumeneku, ndipo amapezeka wambiri mu bowa wouma wa shiitake. Kuninaka anapezanso chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi chofunika kuposa zonse kwa wophika: glutamate akakumana ndi inosinate kapena guanylate, kukoma sikumangowonjezekera pang'ono, kumachuluka kangapo.

Izi zikuchitika m'mapoto athu tsiku ndi tsiku. Mayi akatsuka usipa wouma m'madzi ofunda, n'kuukazinga pang'ono, kenako n'kuthiramo tomato wakupsa wodulidwa pamodzi ndi njere zake, amakhala akusonkhanitsa mbali ziwiri zija. Nsomba imabweretsa inosinate, tomato amabweretsa glutamate. Tomatoyo akasungunuka, mafuta n'kuyamba kuoneka m'mbali mwa poto, kamsuzi kofiirako kamatha kutsitsa mitanda ingapo ya nsima ngakhale nsomba zili zochepa. Mu tomato, glutamate amachuluka makamaka m'madzi oterera amene azungulira njere, ndiye amene amataya mkati mwa tomato amataya mbali yokoma kwambiri. Ajapani nawo amaphika msuzi ndi tinsomba touma totchedwa niboshi, tofanana ndi usipa kapena kapenta pakuoneka, ndipo nthawi zambiri amatiphatikiza ndi kombu pachifukwa chomwecho.

Asayansi a ku Ulaya ndi America anatenga nthawi kuti avomereze zimenezi. Ambiri ankati glutamate amangokweza kukoma kwa zinthu zina, alibe kukoma kwakekwake. Mu 1985 ku Hawaii kunachitika msonkhano wa akatswiri umene unathandiza kuti dzina lakuti umami likhazikike m'sayansi. Umboni wamphamvu unabwera pambuyo pake. Mu 2000 ofufuza a ku University of Miami anapeza kachipangizo ka pa lilime kamene kamagwira glutamate, ndipo mu 2002 ena anasonyeza kuti tizipangizo tiwiri totchedwa T1R1 ndi T1R3 timagwirira pamodzi ntchito imeneyi. Inosinate akakhalapo, kachipangizoka kamagwiritsa glutamate mwamphamvu, n'chifukwa chake uthenga wopita ku ubongo umakula.

Akatswiri ambiri amaganiza kuti thupi limagwiritsa ntchito umami ngati chizindikiro chakuti chakudya chili ndi zomanga thupi, monga mmene kutsekemera kumasonyezera chakudya chopatsa mphamvu. Mkaka wa m'mawere uli ndi glutamate womasuka wambiri kuposa wa ng'ombe, kotero khanda limakumana ndi kukomaku lisanalawe phala. Chimbalangondo cha panda cha ku China, chimene chimadalira nsungwi, chinataya mphamvu yomva umami: malangizo achibadwa opangira kachipangizo ka T1R1 m'thupi lake sagwira ntchito.

Mmene msuzi wa soya umapangidwira

Anthu anayamba kufunafuna kukoma kumeneku kalekale asanadziwe dzina la glutamate. Aroma akale anali ndi garum, msuzi wa nsomba zosasitsidwa mumchere. Ku Thailand kuli nam pla, ku Vietnam nước mắm, yonse misuzi ya nsomba. Ku West Africa amasasitsa njere za mtengo wina n'kupanga dawadawa, amene ena amati iru kapena soumbala. Msuzi wa soya, umene pabotolo amalemba kuti soy sauce, ndi njira ina ya mtundu womwewo, ndipo gwero lake ndi China. Kumeneko kunali jiang, phala lamchere losasitsidwa, poyamba la nyama kapena nsomba, kenako la nyemba za soya. Madzi otsika kuchokera m'phalali anayamba kukondedwa paokha, ndipo dzina lakuti jiangyou limapezeka m'zolemba za nthawi ya ufumu wa Song, umene unalamulira kuyambira 960 mpaka 1279.

Njira yofala ku Japan imayenda chonchi. Soya amamuphika ndi nthunzi mpaka kufewa. Tirigu amamukazinga n'kumuphwanya. Ziwirizi amazisakaniza n'kuwazamo chuku chapadera, Aspergillus oryzae, chimene Ajapani amachitcha koji. Amaziyala m'chipinda chofunda ndi chachinyezi kwa masiku pafupifupi atatu, mpaka njere zonse zitakutidwa ndi ubweya wobiriwira motuwa. Mawu akuti chuku asakudetseni nkhawa: si chuku chilichonse chimene chimawononga chakudya, ndipo ichi anthu akhala akuchiweta mwadala kwa zaka mazanamazana.

Ntchito ya koji ikufanana ndi ya chimera pa thobwa. Chimera chimaswa ufa kuti usanduke shuga, phala n'kupepuka ndi kutsekemera. Koji nayenso amaswa ufa wa tirigu, koma kuwonjezera apo amadula mizere ya mapuloteni a soya, glutamate n'kumasuka.

Zikatero amathira zonse m'madzi amchere wambiri, m'migolo ikuluikulu yamatabwa kapena yachitsulo. Phala lake amalitcha moromi. Mcherewo umaletsa tizilombo towola kuti tisachuluke, koma umalola mabakiteriya ndi yisiti zopirira mchere. Mabakiteriya amabweretsa kuwawasa pang'ono, yisiti amabweretsa kununkhira ndi kamowa kochepa. Ogwira ntchito amavundula phalalo nthawi ndi nthawi. Limayamba lili lotuwa, kenako limafiira, kenako limadera, chifukwa shuga ndi ma amino acid zimagwirana pang'onopang'ono monga zimachitira pa khungu la buledi wowotcha. Zimatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo ofulula ena amadikira zaka ziwiri kapena zitatu. Pomaliza amathira moromi m'nsalu, kusanjikiza nsaluzo zambirimbiri, n'kuzikanikiza pang'onopang'ono. Madzi amatsika ali ofiirira moonekera, amawatenthetsa, n'kuwathira m'mabotolo.

Pali njira yachidule. Mapuloteni a soya amawawiritsa mu asidi wamphamvu amene amadula mizere ija m'masiku ochepa, kenako amathiramo zothetsa asidiyo, mtundu wa shuga wopsereza ndi zokometsera zina. Msuzi wotere ndi wotsika mtengo ndipo glutamate alimo, koma fungo lake ndi losazama poyerekeza ndi wofulula. Njirayi ikapanda kuyendetsedwa bwino imatha kutulutsa kemikolo yotchedwa 3-MCPD, ndipo mu 2001 bungwe loona za chakudya ku Britain, Food Standards Agency, linachenjeza za mitundu ina imene inapezeka nayo yambiri. Mayiko ambiri anaika malire ake. Pabotolo, mawu akuti naturally brewed amasonyeza wofulula, pomwe hydrolysed vegetable protein amasonyeza njira yachiduleyo.

Botolo limodzi, mayina ambiri

Mayina a msuziwu amatsatira njira zimene amalonda ndi anthu osamuka ochokera ku China anadutsa. Dzina limene dziko linatenga limadalira chinenero cha anthu amene anafika kumeneko.

M'Chimandarini amati jiangyou, ndipo zilembo zomwezo Ajapani amaziwerenga kuti shoyu. Anthu a ku Guangdong ndi Hong Kong, olankhula Chikantoni, amati si yau. Anthu a ku Fujian, olankhula Hokkien, amati tau-iu, kutanthauza mafuta a nyemba. Kuchokera ku Hokkien kunabwera toyo wa ku Philippines, amene pamodzi ndi viniga ndi maziko a adobo, ndiwo yotchuka ya dzikolo. Ku Thailand amati si-io, dzina limene linadza ndi anthu olankhula Teochew, ndipo limamveka m'dzina la chakudya chotchedwa pad see ew. Ku Vietnam kuli mayina awiri, xì dầu lochokera ku Chikantoni ndi nước tương la Chivietinamu.

Dzina la Chikantoni linawolokanso nyanja ya Pacific. Kuyambira 1849 anthu ambiri ochokera kum'mwera kwa China anatengedwa kukagwira ntchito yakalavulagaga m'minda ya ku Peru, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amati sillao, pomwe mayiko ena olankhula Chisipanishi amati salsa de soja kapena salsa de soya. Ku Hawaii, kumene Ajapani ambiri anapita kukalima nzimbe, pafupifupi aliyense amati shoyu ngakhale akulankhula Chingerezi.

Dzina lathu lakuti soya linadutsa njira yomweyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1600 amalonda a ku Holland, amene ankaloledwa kukhala pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki, ankatumiza shoyu kumayiko ena. Azungu anadziwa msuzi asanadziwe mbewu yake, choncho mbewuyo inatchedwa ndi dzina la msuzi. Mlimi wa ku Mchinji kapena Kasungu akamati wakolola soya, akutchula dzina lochokera ku shoyu, pomwe Ajapani eni ake mbewuyo amaitcha daizu.

Koma mayinawa sakungosiyana katchulidwe. Zimene zili m'botolo zimasiyananso, ndipo apa ndi pamene ophika ambiri amasokonezeka.

Ku Indonesia ndi Malaysia amati kecap kapena kicap. Kecap manis ndi wokhuthala, wotsekemera kwambiri chifukwa cha shuga wa mgwalangwa, ndipo ndi amene amapatsa mtundu mpunga wokazinga wa nasi goreng. Kecap asin ndi wamchere. Amene wathira kecap manis pamene pamafunika shoyu amapeza ndiwo zake zatsekemera mosayembekezera. Ku Holland, kumene chakudya cha ku Indonesia n'chofala, amalemba kuti ketjap.

Ku Korea amati ganjang, ndipo wachikhalidwe amapangidwa mosiyana ndi wa ku Japan. Soya wophika amamusinja n'kumuumba ngati njerwa zotchedwa meju. Njerwazo amazimanga ndi mapesi a mpunga n'kuzipachika kuti ziume ndi kuchita chuku, kenako amaziviika m'madzi amchere m'mitsuko yadothi yotchedwa onggi imene imakhala panja. Pakapita nthawi amalekanitsa: madzi amakhala ganjang, zolimba zimakhala phala lotchedwa doenjang. Ganjang wotere sakhala ndi tirigu, ndi woyera pang'ono koma wamchere kwambiri, ndipo amamugwiritsa ntchito kwambiri m'misuzi. Mu December 2024 bungwe la UNESCO linaika luso la ku Korea lopanga jang, dzina lophatikiza ganjang, doenjang ndi zina zotere, pamndandanda wa zikhalidwe zofunika kusungidwa.

Ku Japan kuli mitundu isanu yodziwika. Koikuchi, wa soya ndi tirigu pafupifupi mofanana, ndiye amagulidwa kwambiri, ndipo ndi mtundu umene kampani ya Kikkoman inaufalitsa padziko lonse. Tamari, wa m'chigawo cha Nagoya, amakhala ndi tirigu wochepa kapena alibiretu. Shiro ndi wa tirigu wambiri, woyera ngati tiyi wosapsa. Saishikomi amafululidwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri m'malo mwa madzi amchere amathiramo msuzi wa soya wopangidwa kale. Usukuchi, wokondedwa ku Kyoto ndi Osaka, ndi woyererapo kuti asadetse masamba ndi nsomba.

Mawu akuti light ndi dark pabotolo amasokoneza kwambiri. Pa msuzi wa ku China, light ndi shengchou, wopyapyala ndi wamchere, wothira kuti ndiwo zikolere. Dark ndi laochou, wokhuthala, wosungidwa nthawi yaitali, nthawi zambiri wothira shuga wopsereza, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kupatsa nyama mtundu wofiirira. Usukuchi wa ku Japan, ngakhale ali woyera, ali ndi mchere wambiri kuposa koikuchi. Choncho light sakutanthauza kuti mchere ndi wochepa. Wofuna wamchere wochepa ayang'ane mawu akuti reduced salt kapena less sodium.

Nanga MSG?

Ikeda atapeza glutamate, anafuna njira yomuumitsira kuti azitha kuwazidwa ngati mchere. Anamulumikiza ndi sodium, chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene zimapanga mchere wa patebulo, n'kupanga monosodium glutamate, mwachidule MSG. Mu 1909 iye ndi wamalonda Saburosuke Suzuki anayamba kumugulitsa pa dzina lakuti Ajinomoto. Poyamba ankamutenga mu tirigu. Kuyambira m'ma 1950 amapangidwa posasitsa zinthu monga nzimbe, chimanga ndi chinangwa ndi mabakiteriya. Pa mapaketi ena amalembedwa kuti E621, ndipo timabuloko ndi ufa wambiri wokometsera ndiwo umakhala naye pamodzi ndi inosinate ndi guanylate, kutsatira zimene Kuninaka anapeza zija.

Mantha anayamba mu 1968, pamene Robert Ho Man Kwok analemba kalata ku magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, kufotokoza dzanzi, kufooka ndi kugunda kwa mtima kumene ankamva akadya m'malesitilanti a Chitchaina ku America. Anatchula zifukwa zingapo zimene ankaganizira, MSG ali chimodzi mwa izo. Nkhaniyo inafala, ndipo inapatsidwa dzina losalira malesitilanti a Chitchaina, limene anthu ambiri a ku Asia amaliona kuti ndi latsankho.

Kafukufuku amene anthu sankauzidwa ngati apatsidwa MSG kapena ayi sanathe kutsimikiza mobwerezabwereza kuti MSG wa m'chakudya wamba amayambitsa zizindikirozo. Bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la FDA limamuika m'gulu la zinthu zovomerezeka kuti n'zosaopsa. Limanenanso, potsatira lipoti la akatswiri la 1995, kuti anthu ena amatha kumva mutu, kutentha kumaso kapena dzanzi kwa kanthawi akamwa magalamu 3 kapena kuposa popanda chakudya, pomwe gawo limodzi la chakudya chothira MSG kawirikawiri limakhala ndi zosakwana theka la galamu. Ku Ulaya bungwe loona za chakudya la EFSA linasamala kwambiri: mu 2017 linaika malire a mamiligalamu 30 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu patsiku, ndipo linati magulu ena a anthu amatha kupyola pamenepo. Thupi silisiyanitsa glutamate wa m'paketi ndi wa mu tomato, popeza ndi kemikolo imodzi. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwake ndi pa zina zimene zabwera naye m'chakudyacho. Munthu amene amaona kuti chakudya china chimamuvuta ali ndi chifukwa chomveka chochipewera, ndipo zizindikiro zikamabwerezabwereza ndi bwino kukaonana ndi achipatala.

Mchere ndi tirigu

Nkhani imene mbali zonse zimagwirizana ndi ya mchere. Msuzi wa soya wamba umakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 16 mpaka 18 pa mamililita 100. Supuni imodzi yaikulu imakhala ndi sodium wokwana mamiligalamu pafupifupi 900, pomwe bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kusapyola mamiligalamu 2,000 patsiku, omwe ndi mchere wosakwana magalamu 5. Supuni imodzi yatenga kale pafupifupi theka. Amene wathira mchere, kabuloko kokometsera, kenako msuzi wa soya mu poto mmodzi wathira mchere katatu, ndipo kwa odwala matenda a kuthamanga kwa magazi kapena a impso zimenezi n'zofunika kuziwerengera.

Kumbali ina, MSG ali ndi sodium pafupifupi 12 peresenti pomwe mchere wa patebulo uli ndi pafupifupi 39 peresenti, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti msuzi wokhala ndi umami wokwanira umatha kukomabe ngakhale mchere utachepetsedwa. Zimathandiza pokhapokha ngati wophika wachepetsadi mcherewo, osati kungowonjezera china pamwamba pake. Njira yabwino ndi kuthira msuzi wa soya poyamba, kulawa, kenako kuona ngati mchere ukufunikabe.

Anthu amene thupi lawo limadana ndi tirigu adziwe kuti misuzi yambiri ya soya ili ndi tirigu, ngakhale dzina lake silitchula. Tamari ndiye amalangizidwa kawirikawiri, koma si tamari aliyense alibe tirigu, choncho ndi bwino kuwerenga mndandanda wa zimene zili mkati musanagule. Botolo likatsegulidwa, mpweya umadetsa msuzi ndi kuchepetsa kununkhira kwake pang'onopang'ono, makamaka nyengo yotentha ya October ndi November. Litsekeni bwino ndi kulisunga pamalo ozizira opanda dzuwa, kapena mufiriji ngati ilipo.